Mfuti ya Amalume ndi Sandipepa Wanga

Pali zinthu zina zimene munthu umachita ndi mtima wonse, thukuta lili kamukamu, osadziwa kuti ukudzikumbira dzenje. Ine changa ndinachitira pa mfuti ya amalume, ndipo ndikaikumbukira nkhaniyi ndimayamba kukanda m'mutu posayabwa.

Inali nthawi ya chitaganya, ndikugwira ntchito pafakitale yopota thonje ku Gatuma, kumene ana a masiku ano akuti Kadoma. Ntchito yanga inali yopukuta makina. Musaiderere. Kapitawo ankayendetsa chala pachitsulo chilichonse, akapeza kadzimbiri tsiku limenelo unkamva mayina ako onse. Ine sanandipezepo. Chitsulo chikadutsa m'manja mwanga munthu ankatha kudziyang'anirapo pometa ndevu, ndipo ndinkanyada nazo kwabasi.

Chaka chimenecho amalume anga, a Phiri, anamwalira kukomboni ya mgodi ku Chakari. Mwa mwambo wa kwathu wolowa m'malo ndi mwana wa mlongo wawo, ndiye katundu anagwera ine: jasi, mpando wopinda, ndi mfuti ya gogodela, ija yothira wonga kukamwa, imene anachoka nayo ku Nyasalande wapansi. Inali itasiya kalekale kulira. Kunena zoona, m'maso mwanga inali yonyansa. Mpope wake unali bii, thabwa lake lodzaza timisomali tamkuwa ndi timizere tosemasema, ndipo pakati panali chikopa chouma gwa, chonunkha utsi.

Tsono ine ndinali nditafa naye Tsitsi, mwana wa VaShumba, Mshona wa kufupi ndi Hatile (pano ndi Chegutu). Kwathu sitilowola, umangopita kukamanga nyumba kuchikamwini, koma kuno anandiitanitsa ng'ombe zisanu ndi imodzi, ine wopanda ngakhale nkhuku. Kuwonjezera apo panali mphunzitsi wina wa njinga yatsopano amene ankazungulirazungulira pamudzipo. VaShumba atamva za mfutiyo anasintha nkhope. Anati makolo awo ankalandira mfuti paukwati, ndipo ngati ili yakaledi adzachotsapo ng'ombe malinga ndi mmene Madala Nkhoma angaiyesere.

Madala Nkhoma anali Mnyasa mnzathu amene anasula zitsulo m'migodi mpaka moto unawadya maso. Ashona, Anyasa, ngakhale azungu ena a m'mafamu ankawapititsira mfuti zakale kulokeshoni ya Hatile, ndipo iwo akanena mtengo palibe ankatsutsa. Ankaona ndi zala.

Apa m'pamene nzeru zanga zinandifikira. Ndinadzifunsa kuti ine, katswiri wa fakitale yonse, ndingapite kwa apongozi ndi chinthu chakuda chonchi? Loweruka titaweruka ndinayamba ndi mpope: sandipepa, palafini, phulusa. Timisomali tamkuwa tija tinkanding'ambira sandipepa, ndiye ndinatizula ndi kutitaya kudzala. Timizere ndinatipala mpaka thabwa linasalala ngati tsaya la khanda. Chikopa ndicho chinandivuta, ndinachita kuchinyika m'madzi otentha n'kuchidula ndi lezala. Pansi pake ndinaonapo kamng'alu (mzimu wa amalume uyenera kuti unakuwa pamenepa, koma ine ndinali kuimba mluzu), ndipo ndinamatapo sopo ndi polishi wa nsapato.

Lamulungu ndinakwera basi nditaikulunga mumphasa, mtima uli m'mwamba poopa apolisi chifukwa ndinalibe chikalata cha mfuti. Ndinawapeza kwa VaShumba pansi pa mtengo wa mango, Madala pakampando, VaShumba pambali pawo, Tsitsi chapatali ndi amayi ake akusenda mtedza, akunamizira kuti sakumva.

Ndisanamasule mphasa, Madala anafunsa kuti ndine wa yani. Nditatchula amalume, anaseka mpaka kutsokomola. Mfutiyo ankaidziwa. Anati anaigwira iwo ali mnyamata, itathyoka, ndipo anayamba kuifotokoza ngati ili patsogolo pawo. Timisomali anakhoma ndi amalume awo a amalume anga, kamodzi chaka chilichonse chimene mfuti inadyetsa mudzi. Timizere tinali khumi ndi tisanu ndi tiwiri, kalikonse njati yake, kupatula kakuya ka kumapeto kamene kanali ka mkango umene unkagwira anthu kudambo. Ananena zonsezi osaphonya, ine pakamwa pali yasa. Sindinaonepo munthu wodziwa ntchito yake ngati ameneyo, ndipo ndinamukonda pomwepo.

"Imeneyo ndi ng'ombe zinayi, osachotsera," anatero. VaShumba anaomba m'manja mwaulemu. "Bwera nayo kuno ndiipatse moni," anapitiriza Madala.

Ndinaiika pamiyendo pawo. Zala zinayenda kuchokera kukamwa kwa mpope, zinatsika, zinafika pathabwa, zinabwerera, zinafufuzanso. Kenako anainunkhiza. Mtedza kuja unasiya kusendedwa.

"Mphwake wa Phiri, mfuti ija waisiya kuti?"

"Ndi yomweyi, Madala. Ndangoisambitsa pang'ono."

"Nanga mchira wa njati uja?"

"Umanunkha, Madala."

Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangofotokoza mofatsa kuti chikopa chija chinali cha mchira wa njati, ndipo anachiveka okha chili chachiwisi, monga munthu avalira sokosi, kuti chikauma chimange mng'alu kuposa msomali uliwonse. Anachenjeza kuti wina asainyamule, koma VaShumba, amene Chinyanja ankachimva mwa apo ndi apo, anali ataitenga kale. Anaiika paphewa ngati mlenje, n'kuloza kumtengo. Thabwa linatsala paphewapo, mpope unawagwera pachala chachikulu cha kuphazi.

Atatha kudumphadumpha anafunsa mano ali chilumire, "Zvino imombe ngani?" kutanthauza kuti tsopano mfutiyo mtengo wake ndi ng'ombe zingati.

"Mbuzi imodzi," anayankha Madala, "yodwala."

Ine ndinkafuna nthaka itseguke. Ndinkamuona kale mphunzitsi uja akuliza belu la njinga yake, Tsitsi ali pakaliyala. Koma Madala anapempha mpope uja, anausisitanso nthawi yaitali, n'kuyankhula m'Chishona kuti VaShumba amve bwino. Anati moyo wawo wonse akhala akugwira zitsulo, koma sanakhudzepo chitsulo chosalala chonchi, ndipo munthu waulesi sangawononge chinthu mwakhama lotere.

"Mutengeni mnyamatayu," anatero. "Manja ali nawo. Nzeru azikabwereka kwa mwana wanu."

VaShumba anayang'ana chala chawo, anayang'ana ine, kenako anaseka. Anavomera kuti mphunzitsi amubweza, koma ng'ombe zikhale zisanu ndi imodzi zonse, ndipo mfuti ija, mbuzi yodwalayo, ndibwerere nayo.

Zinanditengera zaka zitatu, ndipo Tsitsi anadikira. Madala sanafike tsiku la ukwati wathu, chinthu chimene chimandiwawa mpaka pano, koma mawu awo analowa nafe m'nyumba. Takalamba tsopano, tili ndi zidzukulu, komabe ndikangoti, "Mayi, ndili ndi ganizo," iye amasiya chimene akugwira n'kundikokera mpando.

"Tayambani mwakhala pansi, bambo," amatero. "Tione kaye kuti litidyera ng'ombe zingati."