Jumbo ya Chinangwa Inandimata kwa Apongozi

Amene anandilakwira ndi msuweni wanga Yohane, uja anapita ku koleji. Anandiphunzitsa kupanga pulasitiki wa chinangwa, koma mfundo imodzi anaisunga m'mimba mwake.

"Iwe sukulu unathawira Sitandade 7, koma izi ungathe," anatero. "Kwecha chinangwa, finya, madziwo adikhe. Zoyera zotsalira pansizo uphike ndi viniga ndi gilisalini wodzola uja. Jumbo yake ukaitaya imawola ngati tsamba."

Ulendo woyamba kunatuluka phala, nkhuku zinakhuta. Wachiwiri chinauma gwa n'kusweka (poto ndinamuponya m'munda mwa eni ake, ndikuvomera). Wachitatu ndinamatula pa lata chinthu chonyezimira, chopindika bwinobwino. Kumata m'mbali, jumbo! Ndinavina ndekha kuseri kwa chigafa.

Loweruka ndinali ndi ulendo wa ku Kasakula, kukaonekera kwa makolo a Esinati, mtsikana amene ndinkafuna kumanga naye banja. Mayi ake ndi aphunzitsi, ndipo ankati mwana wawo sangamupereke kwa munthu wopanda pepala la sukulu. Ndiye ndinati aone mutu wangawu. Shuga, mchere ndi sopo m'jumbo yanga ija, ine pa njinga.

Pa chitunda chomaliza, mvula. Yowaza chabe. Koma jumbo inayamba kufewa, kutelera ngati therere.

Mwambo mukuudziwa: mkamwini sayandikira apongozi, ngakhale kuwayang'ana kumaso. Ndinanjuta chapatali, maso pansi, kudikira kuti azakhali a Esinati alandire katundu. Basi jumbo ija kunsi phwa! Mayi ake a Esinati, poti shuga ndi shuga, anadumpha n'kuwakha ndi manja awiri, pamwamba pa manja anga.

Tinamatirirana.

Ine kukoka, iwo kubwera. Iwo kukoka, ine kutsatira chogwada. Aliyense nkhope walozetsa kumbali.

"Bambo, tandisiyani."

"Mayi, si ine, ndi chinangwa."

Azakhali anagwa pansi ndi phwete. "Mlamu, mkamwini uyu ndiye sadzakuthawani!" Anatimasula ndi madzi ofunda, wothira ali Esinati, misozi ya kuseka ili mbwee. Ine mumtima ndinati ukwati wathera pompa.

Mayi aja atapukuta manja, analankhula kudzera mwa azakhali (mwambo unali utabwerera).

"Akuti zomatira zimenezi mwapanga nokha?"

"Ndekha, mayi."

"Akuti tsiku la chinkhoswe mubwere nazo botolo lodzadza. Mabuku a kusukulu kwawo anathothoka onse."

Chinkhoswe! Ndinatsika chitunda chija osagwira mabuleki.

Koma mkwiyo sunathe ayi. Yohane ndinamupeza pa msika wa Malomo akudya chimanga chootcha. Kungoona malaya anga ali nyata, anayamba kubwerera m'mbuyo.

"Aa, msuweni, ndinaiwala kukuuza. Jumboyo siigwirizana ndi madzi."

Ndinamugwira pakolala.

"Yohane, ndinabwera kudzakugulula mano. Ndakusiyira kuti udzatafunire nyama pa chinkhoswe changa. Tenga khasu, tikakumbe chinangwa."