Mbendera ya Khonsolo M'chiuno mwa Apongozi

Mpaka lero ndikamadutsa pansi pa mbendera ya khonsolo yathu ndimangoyang'ana nsapato zanga. Ndine mesenjala kumeneko, ndipo wokweza mbenderayo ndine ndemwe.

Tinkayembekeza alendo akuluakulu ochokera ku Chipata, ndiye abwana anati mbendera ichapidwe. Ine ndi phuma langa ndinapita nayo kunyumba (ndimakhala chikamwini, kwawo kwa mkazi wanga), n'kuichapa, n'kuiyanika pachingwe. Ndi yokongola ndithu: yobiriwira, ndipo pakati pali chizindikiro cha khonsolo, ng'ombe itaima pakati pa chimanga ndi thonje.

Tsiku la alendolo mkazi wanga Esinati analawirira kumsika ku Katete. Ndikutuluka m'nyumba, pachingwe palibe kanthu. Kuponya maso kunjira ndinaona ng'ombe ya khonsolo ikulowera kuchigayo, ikugwedezeka uku ndi uku. Apongozi anga aakazi anali ataimanga m'chiuno, poganiza kuti mkamwini wakumbukira kuwagulira chitenje.

Tsono mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso, nanji kuwauza za chimene avala m'chiuno. Koma mbendera ikapanda kukwera, ntchito yanga ithera pomwepo. Ndinawatsatira chapatali ndikutsokomola. Atandiona anachita zaulemu, anapatukira m'munda wa thonje kuti ndidutse. Ine ndinapatukira momwemo. Iwo anawonjezera liwiro, inenso chimodzimodzi. (Otola thonje anasiya ntchito n'kumaonerera mkamwini wa yunifomu akuthamangitsa apongozi ake.)

Ndili wefuwefu ndinakumana ndi amake Tisa, oyandikana nawo nyumba, ndipo ndinawachonderera kuti akandilankhulire mwanzeru. Mayi aja anangokwera pachulu n'kukuwa: "Amake Esinati! Akamwini anu akuti muvule msanga, akuchedwa!"

Ndinafa ndi manyazi ndili chiimire. Apongozi anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati pagwa maliro, azimayi akuchigayo n'kuthamangira konko, wina atanyamula chikuni. Ndinafotokoza nditagwada, nditafulatira, ndikuloza ng'ombe ndi chala chakumbuyo. Pomaliza amake Tisa, misozi ya phwete ili mbwembwembwe, anawabwereka chitenje chawo chapamwamba.

Ndinapalasa njinga ngati wamisala, ndipo ndinafika galimoto za alendo zikulowa pageti. Mbendera inakwera ili makwinyamakwinya, chisoso chili mbwee. Abwana anaiyang'ana nthawi yaitali n'kundifunsa chapansipansi ngati ndinaichapira m'tchire. Ndinati inde bwana, chifukwa zoona zake zinali zoipa kuposa pamenepo.

Ntchito inapulumuka, koma kumudzi mlandu unadya tambala wanga. Ndinkati apongozi sadzandikhululukira, koma sabata isanathe anatuma mkazi wanga ndi mawu.

"Amayi akuti nsalu ya boma ija ndi yoterera, siigwira m'chiuno. Ulendo wina mudzabweretse yokhakhala pang'ono."

Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinayankha kuti ndikafunsa kuofesi.