Tinyimbo ta Pakhomo ta a Mayesitoro Osório

Ku Milange kuno, aliyense wodziyesa munthu wapamwamba anali ndi kanyimbo kake kwa a Osório Mukhula. Ukangoponda pakhomo la holo, iwo ankakaliza pa tekilado yawo, limba loyendera batire. Kanyimboko kanalibe mawu, koma kankaulula zonse zimene iweyo unkabisa, ndipo tauni yonse inkamva bwinobwino.

Kuliza anaphunzira ali mwana, pa limba lopopa ndi mapazi la ku mishoni. Nkhondo itavuta anathawira ku kampu ku Malawi, kumene kunalibe limba. Anatola thabwa, n'kujambulapo makiyi ndi khala, n'kumaligogoda tsiku lonse, maso ali tsinzinu.

"Mukuliza chiyani, a Osório? Ife sitikumva kanthu," ankatero anansi awo.

"Mwayi wanu," iwo ankayankha. "Ndangolakwitsa pano, ndipo zandiwawa."

Mtendere utabwera anagula tekilado yakale ku Limbe, n'kuyambitsa bandi ya Nyenyezi za Tumbine, woimba wake ali mayi wa mawu amphamvu dzina lake Edite. Kuyambira pamenepo, ukwati kapena ubatizo wa anthu olemera wopanda "a Mayesitoro", dzina laulemu la katswiri wa zoimbayu, unkangoonedwa ngati msonkhano wa katemera. Ankayenda ndi jekete loyera, tekilado ndi batire zili pa njinga. Jeketelo linkafika ku Mongue litafiira ndi fumbi, iwo n'kumati ku Lisboa akuvala choncho.

Panali a Dona Serafina, amene anakhalako miyezi isanu ku Quelimane n'kubwerako ataiwala Chinyanja ndi Chilomwe chomwe. Ukawapatsa moni ankakwinya nkhope ngati wawalankhula Chitchaina. Tsiku lina akulowa pa fesita, phwando la anthu apamwamba, nsapato zili gogodo gogodo, a Osório analiza nyimbo imene akazi a ku Molumbo amaimba posinja. Mutu wa a Dona unakana, koma chiuno chinavomera. Chinagwedezeka kawiri mwini wake asanachiletse.

"Osório iwe, galu wachabechabe!" anakuwa, m'Chinyanja chosalala ngati cha pa wailesi.

"Tithokoze Ambuye," anatero a Mayesitoro, "wosalankhula walankhula."

Koma amene anavutika kwambiri ndi a Reinaldo, ogula nandolo ndi chimanga. Iwowa anali ndi mkazi wina wobisa kutsidya, ku Muloza, ndipo pothawa maso a anthu pa malire ankawoloka mtsinje atapinda buluku. Kanyimbo kawo kankayenda chonchi: phazi limodzi, kaima, phazi lina, kenako phava! Anthu akakamva ankaluma milomo.

Ukwati wa mwana wawo wamkazi utayandikira, a Reinaldo anapita kunyumba kwa a Osório chipewa chili m'manja.

"Achimwene, ndagwira mwendo wanu. Kubwera apongozi ochokera ku Mocuba. A Georgina, mayi a kunyumba, sadziwa chilichonse. Tsiku limenelo kanyimbo kaja ayi."

A Osório anakanda m'mutu. Kwa iwo, kusiya munthu alowe osamulizira kunali ngati kumukana moni. Komabe analumbira kuti sakhudza kiyi ngakhale imodzi.

Ndipo anasunga lumbirolo. Loweruka masana, holo itadzaza, aliyense analowa ndi kanyimbo kake. Atatulukira a Reinaldo mu suti yatsopano, a Osório anangoika manja pamaondo. Holo yonse zii. Ankangomveka ndi mapazi a bambo a mkwatibwi, ndipo mwatsoka anayamba kuyenda monyang'ama, phazi limodzi, kaima, phazi lina. Kumbuyo wina anayamba kung'ung'udza kanyimbo kaja. Anthu mazana awiri anamulandira. Atafika pa phava, ngakhale akatekisiti anaombera m'manja.

Apo a Georgina anaimirira, n'kumangitsa chitenje chawo cha kapulana.

"A Mayesitoro, mwatani? Lizani nyimbo ya amuna anga."

"Mayi, ndinalumbira."

"Munalumbira kwa ndani? Nkhani ya kutsidya ija ndinakuuzani ndine, ndi nkhuku ndinakupatsani. Lizani!"

Analiza. A Georgina anagwira amuna awo padzanja n'kuwavinitsa holo yonse kuzungulira katatu, thukuta lili kamukamu. Apongozi a ku Mocuba anayesa mwambo wa kuno, nawonso analowa m'bwalo akupinda mabuluku.

Zaka zitapita, dzanja lamanzere la a Osório linafa ziwalo. Sanasiye. Ankaliza ndi lamanja lokha, Edite atakhala pambali akudina makiyi atatu amene anamupakira utoto wa zikhadabo. Akalakwitsa ankamugunda ndi chigongono.

"Zaka makumi awiri uli nane, sunaone pamene ndimagwira?"

"Ndinkayang'ana anthu, a Mayesitoro."

"Inenso ndinkayang'ana anthu!"

Anamwalira nthawi ya mvula, ali pa mpando pakhonde, nandolo asanache. Pa maliro pawo kwaya inaimba popanda limba, ndipo inasochera kawiri.

Masiku ano pa ukwati amabweretsa zimasipika zazitali ngati chitseko. Phokoso lilipo lokwanira, koma munthu umalowa ngati thumba la chimanga, palibe wotembenuka.

Mwezi watha Edite akugula tomato pa msika, anamuimitsa mkulu wina, a Dércio, amene wakalamba akukankha katundu pa njinga ku malire. Sanaitanidwepo ku fesita iliyonse.

"Mayi, ndifunseko. Ifeyo a Mayesitoro analibe kanyimbo kathu eti?"

"Kanalipo. Mukamadutsa panja pa holo ndi matumba ankakaliza, koma inu munali kalikiliki kukankha."

Anawang'ung'udzira pomwepo, pakati pa tomato ndi anyezi. A Dércio anamvetsera mutu uli pendeke.

"Kakutsimphina kameneko."

"Nanga inu mumayenda bwanji?"

Anaseka mpaka njinga inatsala pang'ono kugwa. Kenako anavula chipewa n'kupukutira m'maso.

"Mundiimbirenso kamodzi, mayi. Pang'onopang'ono, ndikasunge."