Madzi Abwera, Seva Yagona

Lolemba
Yatha! Pulogalamu yanga yoyamba. Ba Tembo, ogulitsa madzi pakiyosiki yathu muno mu komboni ya George, akangodina batani mafoni onse aziona kuti madzi abwera. Zokhala pamzere ndi zigubu zouma zatha. Ndalonjeza amayi ndi anzawo kuti iyamba Loweruka. Mkati ndaikamo fulemuweki, chida chogawira mbali iliyonse ya pulogalamu zimene ikufuna, ine osalumikiza pamanja. Pa laputopu ikuthamanga bwino zedi. Ndikuvina ndekha.

Lachiwiri
Ndaikweza pa seva yaulere, kompyuta ya eni ya pa intaneti. Malamulo a eni ake:
osasunga fayilo,
osasuzumira mkati mwa khodi ya pulogalamu,
alendo oitsegula akasowa, pulogalamu igone.
Fulemuweki yanga ntchito yake ndi kusuzumira komweko! Yagwa kasanu ndi kawiri. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna.

Lachitatu
Zosuzumira ndachotsa, mbali zonse ndazitchula mayina ndekha. Yayaka! Koma ikagona, podzuka fulemuweki imayamba yapereka moni kwa mbali iliyonse ngati wofika pamaliro. Amayi adina, adikira, mpaka tiyi wapsa. Ati: "Ka app kako kagona monga batate bako." Ndaseka, koma zandiwawa.

Lachinayi
Nzeru! Ikamalandira alendo sigona. Amayi ati: "Tizakausha ise." Apanga gulu pafoni, azimayi onse a kukiyosiki, kuti azisinthana kudina, pulogalamu isagone. Amake Dalitso m'mawa, ba Mwansa masana, otsala pomwe akumbukira.

Lachisanu
Sinagone tsiku lonse! Foni ya amayi ikungolira ndi mauthenga a pagulu: "Nadina." "Naine nadina." "Nadina. Manje manzi yabwela, bwelani." Pamsewu akunditchula ba injiniya. Ogulitsa zitumbuwa andiwonjezera chimodzi. Mtima mbee!

Loweruka
Tsiku lija. Ba Tembo avala jekete. Adina. Patuluka Chizungu chofiira: maola aulere a mwezi uno atha. Tawadya tokha ndi kudina kwathu! Linali lamulo lachinayi, limene sindinawerenge. Manyazi andigwira. Ba Tembo angoseka: "Palibe vuto, bonse batapa kudala." Ndayang'ana. Zoonadi, zigubu zonse nzodzadza. Amake Dalitso analemba pagulu mpopi utangoyamba kutsokomola.

Lamulungu
Seva ili m'tulo mpaka mwezi wamawa. Palibe wafunsako. Gulu lija likuyenda lokha, lopanda fulemuweki, lopanda ine, ndipo alipatsa dzina loti Ba Injiniya. Ndatseka laputopu, basi. Titangobwera kutchalitchi foni ya amayi yalira. Awerenga, anditulira zigubu ziwiri pamapazi: "Ba injiniya, manzi yabwela. Thamangani." Ndathamanga. Mzere kulibe.