Mtambo wa pa Chulu cha Kumanda

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa pa Chisemphere, amayi ogulitsa tomato amayamba ayang'ana kumwamba asanandipatse moni. Poyamba ndinkakwiya, koma ndinatopa. Ndiye ndati ndifotokoze ndekha momwe zinayendera, chifukwa nkhaniyi yakometseredwa kwambiri, ena afika ponena kuti ndinali ndi mchira wa fisi m'thumba la jekete.

Ine ndimaphunzitsa makompyuta pa sekondale ina kuno ku Kasungu, ndipo ndimakhala chikamwini kwawo kwa akazi anga, amake Tadala. Chaka chimenecho kunamveka zoti akufuna munthu mmodzi wakumudzi woti akakhale m'bodi yoyang'anira za intaneti m'dziko muno: nsanja za netiweki, mawaya odutsa pansi, ndi komwe kumasungidwa zinthu zathu za m'mafoni. Mpandowo ndinaufuna, osati pang'ono ayi. Ndinali nditatopa kuphunzitsa ana intaneti ndi choko pabolodi, kuwajambulira chinthu choti kwawo chimabwera pomwe chafunira. Ndinalembera, ndipo anandiyankha kuti adzandifunsa mafunso pafoni, uku tikuonana nkhope.

Sindinauze munthu kupatula amake Tadala (mkamwini akalephera, zimamuseka ndi nkhuku zomwe). Vuto linali netiweki. Pa chulu chomwe mudzi wonse umakwerapo poyimba foni, mawu amamveka koma chithunzi chimangouma. Ndinayendayenda foni ili m'mwamba mpaka ndinapeza pomwe timizere tonse ta netiweki tinadzaza, pa chulu chachikulu cha m'mphepete mwa msitu wa kumanda. Eya, kumanda. Ine maso anga anali pa timizere basi.

Chomwe sindinachiganizire n'chakuti kunali ng'amba. Mvula inali itadula pakati pa dzinja, fodya atafota m'minda, chimanga chitapota ngati anyezi. M'zigafa anthu ankanong'onezana kuti alipo wina wamanga mvula. Ndiye taganizani, mkamwini wosalima fodya, woti mvula igwe isagwe malipiro ake abwera, akuoneka masana aliwonse akuzungulira kumanda dzanja lili m'mwamba.

Tsiku la mafunsolo litakwana ndinavala suti yanga yakuda ya paukwati, tayi ndi nsapato zopukuta bwino, n'kukwera chulu. Foni ndinaimangirira ndi mphira pa kanthambi ka mtengo womera pamwambapo, ndipo m'makutu ndinaika timahedifoni topanda waya tomwe ndinabwereka kwa mnzanga. Munthu woima pansi sakanaona foni kapena timahedifonito. Akanangoona bambo wa suti yakuda akukambirana ndi thambo.

Ondifunsawo ankatsogoleredwa ndi mayi wina wa magalasi, wankhope yoti kuseka anasiya kalekale. Mafunso a m'Chingerezi ndinawamwa ngati thobwa. Kenaka mayiwo anati poti mpandowo ndi wa anthu akumudzi, ndifotokoze m'Chichewa chifukwa chomwe zinthu za Amalawi ziyenera kusungidwa m'dziko mwathu momwemuno.

Apa ndiye pomwe panagona nkhani. Zithunzi, mauthenga ndi mayina athu a m'mafonimu zimasungidwa m'makompyuta akuluakulu a kunja, ndipo malo amenewo eni ake anawapatsa dzina lotanthauza mtambo. Ine, pofuna kuonetsa kuti Chichewa ndinayamwira, ndinangoti mtambo. Nthawi yomweyo mawu anayamba kuduladula, mayiwo n'kundipempha kuti ndikweze mawu. Kuuza mphunzitsi kuti akweze mawu! Ndinatambasula manja onse awiri.

"Mtambo wathu tisaulole kupita kwina. Tiugwire, tiumange konkuno, makiyi ake akhale m'manja mwathu!"

Ndinamva munthu akutsokomola pansi. Kusuzumira, chulu chonse chazunguliridwa. Kutsogolo kunali a Mwale, mkulu wa mpingo yemwe munda wake wa fodya unachita malire ndi msituwo, khasu lili paphewa. Pambuyo pawo panali amayi ndi abambo ochokera m'minda, ndipo pakati pawo, Mulungu wanga, apongozi anga aakazi. A Mwale ananena mosakweza mawu kuti akhala akundilondalonda, ndipo lero adzimvera okha ndi makutu awo, choncho nditsike tikambirane.

Apongozi anayamba kukwera chulucho pang'onopang'ono. Tsono kwathu kuno mkamwini saima chilili apongozi akuyandikira. Miyendo yanga sinandifunse n'komwe, ndinangozindikira ndanjuta. Kunjuta kumeneko kunandichotsa pa chithunzi, ndipo m'makutu ndinamva mayi wa magalasi uja akufunsa kuti ndapita kuti, poti iwo akungoona mitambo.

"Ndili pompano, mayi," ndinayankha.

"Tikukuonani kuti muli pompano," anatero apongozi, poyesa kuti ndikulankhula nawo. "Chomwe tikufunsa, bambo a Tadala, n'chakuti takulakwirani chiyani? Fodya akufotayu si yemwe amagula ndiwo zomwe mumadya?"

Mtima wanga unasweka. Ndinaona mpando uja ukupita, ndipo ndinaonanso katundu wanga ali pamutu ndikubwerera kwathu ndi dzina la ufiti. Kunena zoona misozi inalengeza. Koma manyazi akafika pamapeto munthu umalimba mtima. Ndinazula timahedifoni, kumasula foni pa kanthambi, kukweza sipika, n'kuitembenuza kuti mabwana aja aone khamulo ndipo khamulo liwaone. Ndinapepesa, n'kunena kuti anthu omwe ndikufuna kukawaimira ndi amenewa, ndipo ngati andilola ndiyankha mbali zonse ziwiri pakamodzi.

Ndidakali chinjutire, ndinafunsa a Mwale ngati angathyole fodya wawo, kumusoka bwinobwino, n'kukamupachika m'chigafa cha munthu wa kutsidya la nyanja yemwe sanamuonepo, woti tsiku lina akhoza kungowauza kuti pano musapondepo. Anati ameneyo angakhale wamisala. Ndinati ndiye misalayo ndi yomwe tikuchita tonsefe, chifukwa zithunzi za adzukulu awo, mauthenga a kalabu ya feteleza, zonse za m'foni mwawo zili m'chigafa cha mwini wake kunja, ndipo chigafacho ndi chomwe chimatchedwa mtambo. Ine ndikufuna chimangidwe kuno, tizichilondera tokha.

A Mwale anatsitsa khasu.

"Ndiye bwanji osangonena kuti chigafa? Mtambo wachiyani nthawi ya ng'amba ngati ino?"

Mufoni munamveka phwete. Anali mayi wa magalasi uja, atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Atapezako mpweya anapempha kuti apereke moni kwa apongozi. Ine ndinapereka foniyo ndi manja awiri. Apongozi anakonza duku, n'kuwauza mabwanawo kuti iwo pa msinkhu wawo amakwera chulu kuti alankhule ndi mwana wawo wa ku Joni, ndipo tsiku lina adzathyoka mwendo. Anamaliza ndi kuti, "Mutengeni ameneyu, mwina angasiye kuzungulira kumanda."

Mabwana aja anandiuza kuti ndidzamva zotsatira. Tinatsika tonse, anthu akuseka, ena akundigwira chanza, a Mwale akubwereza nkhani ya chigafa kwa omwe anafika mochedwa ngati anaiyambitsa ndi iwo. Tisanafike n'kumudzi komwe, kumwamba kunada bii. Inagwa mvula tsiku limenelo, yoti suti yanga inandimata thupi lonse, ndipo palibe anathawira pakhonde. Onse ankangondiyang'ana.

Patapita masabata angapo foni inalira, ndipo mpando unali wanga. Ndinavina, abale, ndinavina pabwalo pa apongozi osaopa kanthu, amake Tadala akululutira mpaka mawu kusasa. Ine yemwe uja, wa choko ndi bolodi, lero ndimakhala pa tebulo limodzi ndi akuluakulu ku Lilongwe, ndipo ndikati chigafa onse amadziwa chomwe ndikunena. Liwu lija la mtambo ndinalisiyiratu, silituluka pakamwa panga ngakhale kutchalitchi.

Za mvula ija ndafotokoza kambirimbiri kuti zinangokumanizana, ndipo aliyense amavomera kuti wamva. Koma chaka chino ng'amba itabweranso, ndinapeza suti yanga yakuda yasitidwa, ili pabedi. Amake Tadala, akuyang'ana kumbali, anati amayi akuti sikuti akundiganizira chilichonse ayi, kungoti ngati ndili ndi msonkhano wa bodi sabata ino, ndikachitire pafoni pa chulu chija.

Ndinavala n'kupita. Apongozi sawakanira, komanso nsanja yomwe ndikuimenyera nkhondo sinabwerebe, ndiye netiweki yabwino ikadali komweko kumanda.