Chisomo cha a Menoni ndi tambala wanga

Lolemba, 7 Julaye
Ine, mwini digiri ya zaulimi, ndikudandaula mwalamulo: a manijala akuti ndimakalipa. Ine! Akuti ndikangokalipiranso otchola tiyi pa sikelo, ntchito yatha. Ndapita kwa a Menoni, Mmwenye wolawa tiyi kufakitale, amene sanakwiyepo chibwerere. Chinsinsi? Akuti guru wawo, mphunzitsi wa zauzimu, anawauza kuti mkwiyo ukabwera azidzifunsa, "Wakwiya ndani?" Ukamufufuza wokwiyayo sumupeza. Zotsalazo akuti ndi chisomo cha guru. Chabwino. Ndikuchifuna pofika Lachisanu.

Lachiwiri
Mayi Namathanga, mmodzi wa otchola tiyi, abweretsa dengu la masamba onyowa dala kuti lilemere. Magazi atentha. Ndatsinzina, ndafunsa, "Wakwiya ndani?" Kalanga, ndafunsa mokweza. Mzere wonse: "Inuyo, bwana!"

Lachitatu
Ndapempha a Menoni akhale guru wanga. Akana. Akuti guru weniweni ali m'kati mwanga. Ndafufuza. M'katimo muli:
chinangwa cham'mawa,
mkwiyo,
digiri.
Akutinso chisomo chili ngati chiperoni: suchiitana, umangozindikira malaya anyowa. Zaka zinayi ku yunivesite kuti ndiuzidwe zanyengo!

Lachinayi
Kwathu ku Mphuka sitipempha chinthu chimanjamanja. Ndawatengera a Menoni tambala wanga wofiira. Kodi ndimadziwa kuti sadya nyama? Amulandira ndi manja awiri, amupatsa mpunga, amutcha dzina. Chisomo: palibe. Tambala: wakwezedwa pantchito.

Lachisanu
Tsiku lomaliza. Ndakhala chete pamaso pa a Menoni ola lathunthu, poti akuti guru amaphunzitsa ndi maso. Iwo kumangopsontha tiyi, kulavula, kulemba. Kunyumba mayi a ana akusita zovala za Sabata: "Chisomo kutchalitchi n'chaulere, bambo. Inu mwakagula ndi ndiwo zathu, n'kubwerako opanda."

Loweruka
A manijala aima pambali pa sikelo, manja m'thumba. Dengu la mayi Namathanga likuchita kudontha. Pansi pa masamba pali mwala ngati papaya! Pakamwa patseguka kuti ndikalipe, ntchito ndikuiona ikutsanzika. Mayiwo andiyang'ana mwachifundo, anong'ona: "Bwana, wakwiya ndani?" Mzere wonse wagwira pakamwa. Ndafufuza wokwiyayo. Ndapeza bambo wadazi akutsutsana ndi mwala. Ndaseka mpaka misozi. Mwala tachotsa, masamba tayeza, a manijala apita.

Lamulungu
Ntchito ilipo. A Menoni akuti chimenecho ndicho chisomo, ndipo guru amavala nkhope iliyonse imene wafuna. Ndiye kuti mwa anthu onse a m'Thyolo muno, guru wanga ndi mayi woika miyala m'dengu. Ndavomera, nanga n'kutani. Koma chipukutamisozi ndikufuna: a Menoni andibwezere tambala, kapena mkwiyo wanga wa zaka khumi ndi ziwiri, umene ndinaulera ndekha popanda thandizo la munthu. Akalephera zonsezi, tambalayo azibwera kudzandilirira pakhomo panga m'mawa uliwonse, pa thiransipoti ya kampani.