Suti ya Kirimpulini ku Nkope

Nkhani iyi anzanga amaiseka mpaka misozi, koma ine ndikaikumbuka mtima umawawabe. Imvani mmene ndinachitira manyazi ndi suti yatsopano.

Zinali zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Ndinali mphunzitsi wochokera ku Dowa, atanditumiza ku Mangochi, ndipo ndinali nditagwa m'chikondi ndi Edesi, mtsikana wa ku Nkope. Tsiku linakwana loti ndikaonekere kwa amalume ake, a Mkwanda, owamba nsomba. Iwowo akakana, basi, banja palibe.

Ndinapita kwa telala kuboma kuti akandisokere suti. Iye anatulutsa nsalu yokhuthala ya buluu.

"Iyi ndi double-knit, sir, kirimpulini weniweni! Sikwinyika, sifuna simbi, kuchapa m'mawa masana mwavala. Wash and wear!"

Zonsezo zinali zoona. Chimene mbava ija sinanene n'choti nsaluyo silowetsa mphepo ndi pang'ono pomwe.

Ndinapalasa njinga dzuwa la Okutobala lili paliwombo, jekete nditamanga mabatani mpaka m'khosi. M'katimo munalibe shati, munali vesiti yokha, yong'ambika pamimba ngati ukonde wakale. Ndinkati ndani akaione?

Ndinafika thukuta lili kamukamu, miyendo ikunjenjemera chifukwa cha mchenga ndi mantha. A Mkwanda anali pansi pa mtengo, chifuwa pamtunda.

"Aphunzitsi, vulani jeketelo mupumeko."

"Ayi bambo, ndili bwinobwino."

"Kutentha konseku?"

Apa m'pamene ndinadzipha ndekha. "Ndikumvako kachisanu pang'ono."

A Mkwanda anayang'anizana ndi mlongo wawo, mayi ake a Edesi, amene anali pomwepo.

"Chisanu? Mwezi uno? Achimwene, awa ndi malungo!"

"Ayi mayi, si malungo..."

"Taonani akunjenjemera! Edesi, bulangeti!"

Munthu wodzaonekera satsutsana ndi apongozi. Anandikhazika pampando wa timatabwa pafupi ndi ng'anjo yowambira chambo, n'kundifunditsa bulangeti mpaka kumutu. Utsi wa nsomba unkalowa m'maso, thukuta likutsikira m'nsapato.

"Mukupezako bwanji?"

"Bwino kwambiri, mayi. Thank you."

"Mawu akuchepa awa. Tiwafukize."

Anapala makala m'ng'anjo muja, kuika m'phale, kuthirapo masamba a mankhwala, n'kulowetsa pansi pa mpando wanga. Anati thukuta likatuluka lonse, malungo atuluka nalo.

Nsalu ya thonje ikapsa imanunkha utsi, munthu umadziwa. Kirimpulini sachenjeza. Amangofewa mwakachetechete, kenako n'kukumata pakhungu ngati phula.

Ndinapirira. Ndinaluma mano. Ndinaganiza za Edesi. Kenako ulemu unatha.

"Mayo ine! Ndikupsa!"

Ndinadumpha, bulangeti uko. Mpando unanyamuka nane limodzi, kenako n'kugwa, utatenga kumbuyo konse kwa thalauza. Kutsogolo ndinali bwana, mzere wa thalauza uli chilili. Kumbuyo ndinali mmene mayi anandiberekera, pamaso pa apongozi, Edesi ndi amayi onse opala nsomba. Ndinavula jekete msangamsanga kuti ndidzimange m'chiuno, vesiti ija nayo n'kupereka moni.

Palibe anaseka. Bola akanaseka.

A Mkwanda anatola mpando uja, kukanda nsalu youma gwa ija ndi chikhadabo, n'kupukusa mutu.

"Moto ndakhala nawo moyo wanga wonse. Nsalu imapsa, sisungunuka. Ichi si cha makala ayi, n'cha m'thupi mwawomu."

"Bambo, ndi mtundu wa nsaluyi, ndi polyester..."

"Pepani aphunzitsi, musadzivute. Ndinu munthu waulemu, takuonani. Koma malungo osungunula thalauza? Mwana wathu sitingam'pereke kuti akakhale namfedwa chaka chisanathe."

Ndinabwerera wapansi, njinga ndikukankha, chifukwa pachishalo sindikanakhalapo. Ndinaphunzitsa choimirira mpaka mvula itagwa. Edesi anakwatiwa ndi msodzi wa ku Lungwena amene sanavalepo jekete chibadwire, ndipo mwamunayo anamwalira n'kum'siya ndi ana asanu. Ine wodwalika uja ndilipo mpaka lero, malungo sandidziwa n'komwe.

Ukabisa pamimba, abale anga, udzaonetsa kumbuyo.